Chaka Chimene Ndinapha Nang'omba

Ana a masiku ano akandiona ndikutseka makutu m'mamawa anang'omba akamalira kudambo, amati nkhalambayi mutu wayamba kuzungulira. Asiyeni aseke. Iwo sanaione njala ya chaka chija, Boma litangomangidwa kumene ku Mzimba, msonkho wa nyumba udakali chinthu chachilendo kuno ku Ungoni. Mayina a miyezi amene nditchule panowa ndinadzaphunzira pambuyo pake ku kalasi ya mpingo. Nthawi imeneyo tinkangoyang'ana mitengo ndi kumwamba.

Ine ndine Naphiri, koma kuno anandisandutsa NyaPhiri. Amayi anga anagwidwa pa nkhondo ya Angoni cha ku Kasungu ine ndili kumsana, ndipo anamwalirira m'mudzi womwe uno, pakati pa Jenda ndi Manyamula, atandisiyira zinthu ziwiri zokha: Chichewa ndi luso lotchera nkhanga. Ndinakwatiwa ndi a Mzondi, mwana wachiwiri wa a NyaSoko. Ng'ombe za malowolo sanapereke, nanga akanapereka kwa yani? Choncho ndinali mkazi wa pakhomo koma wa mwendo umodzi kunja. Mwambo wa Angoni sulola mtengwa kudya amasi, mkaka wowawasa uja, wa ng'ombe za kwa mwamuna wake mpaka akwawo ndi akuchimuna atamutsegulira pakamwa. Ine wondiimira panalibe. Ndinabereka ana awiri pakhomopo mkakawo ndikungoununkhiza.

Okutobala

Chaka cham'mbuyo dzombe linatidyera mawere ndi chimanga, moti pofika nyengo yotentha nkhokwe zambiri zinali zitayamba kale kuonetsa pansi. Amuna anga anachoka masika atangotha, ulendo wapansi wa ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho. Unali ulendo wawo wachiwiri. Pa woyamba anandibweretsera kalilole, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo, ndipo akazi a mudzi wonse ankabwera kudzadziona mano kunyumba kwanga, ngakhale amene panjira sankandipatsa moni. Pochoka anandisiya ndi Mbachi, mtsikana wa zaka zitatu, ndi Suzgo ali pabere.

Munda wanga unali wakutali kuposa yonse, kumalire ndi thengo, kumene anyani amayambira kudya. Mchewa akanapatsidwanso pati? Koma kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi anang'omba. Analipo asanu, akuda bii, otalika kufika m'ntchafu mwa munthu, oyenda mwachifatse ngati madoda opita kumlandu. Kumaso ndi kukhosi n'kofiira psuu, ndipo ali ndi nsidze zazitali ngati za munthu, moti akakuyang'ana umafuna kupereka moni. Wamkazi amadziwika ndi kachigamba ka mtundu wa thambo pakhosi. Kuuluka sakonda, koma akatambasula mapiko nsonga zake zimaoneka zoyera mbee. Pa asanuwo panali tate wamkulu, mkazi wake, ndi atatu amene ndinkawatenga ngati ana awo a zaka zam'mbuyo.

Ndikamatentha mapesi iwo ankabwera m'mbuyo mwa moto n'kumatola abuluzi, mbewa ndi zinkhanira. Tsiku lina ndinaona tate uja akulimbana ndi mphiri pafupi ndi pamene ndinagoneka Suzgo. Anaijompha pamutu mpaka inaleka kutukumuka, n'kuimeza pang'onopang'ono mchira ukugwedezekabe. Ndinamuthokoza mokweza ngati munthu, ndipo sindinachite manyazi.

Novembala

Mvula yoyamba inabwera bwino. Kusanache anang'omba ankalira, tate akati du du, mkazi n'kuyankha dudu-du, ngati ng'oma ziwiri zakutali. Apongozi anga a NyaSoko anati mbalame zimenezo zikalira chotero ndiye kuti mvula yakhazikika. Tonse tinadzala, ndipo ambiri tinathira m'nthaka mbewu yomaliza imene tikanatha kudya.

M'masiku omwewo ndinaona tate uja akunyamula masamba ouma pamlomo kupita nawo ku mkuyu waukulu wa m'mphepete mwa munda wanga. Mkuyuwo unali ndi mphako pamwamba pa mphanda. Wamkazi anasowa pagulu, ndipo anayi otsalawo ankapita kumeneko mmodzimmodzi, aliyense atalumiza chakudya kunsonga kwa mlomo. Ine ndinkakwera mkuyuwo kukathyola nkhuyu za Mbachi, chifukwa kunyumba tinali titayamba kale kudya kamodzi. Tsiku lina mwini wake atatsika kukadziwongola ndinasuzumira m'mphakomo. Munali mazira awiri oyera, aakulu kuposa a bakha.

Madzulo ndinawauza apongozi, poganiza kuti ndi nkhani yosangalatsa. Iwo sanadzutse n'komwe mutu pa lichero limene ankapeta.

"Masumbi ghawiri, mwana yumoza pera," anatero, kutanthauza kuti mazira awiri, mwana mmodzi yekha. Kenako anabwereza m'Chichewa chawo chopindikacho kuti ndimve bwino. "Mbalame iyo yikulera awiri yayi. Wachiwiri ngwakudikirira waka, kuti panyake woyamba angafe."

Atanena zimenezi anayang'ana Mbachi, n'kuyang'ana Suzgo. Mwina ankangoyang'ana adzukulu awo monga agogo onse achitira. Ine sindinakondwe nako kuyang'anako.

Disembala

Mvula inadula. Chimanga chinafika m'mawondo n'kupinda masamba ngati a anyezi. Mitambo inkasonkhana masana cha ku Viphya, bingu n'kugunda, koma pofika madzulo mphepo inkaimwaza yonse. Tinkagona ndi chiyembekezo n'kudzuka ndi fumbi.

Kumayambiriro kwa mwezi mbuzi inkagula dengu la mawere. Pofika pakati inkagula lichero, ndipo wogulitsayo ankachita kusalaza pamwamba ndi dzanja. Akazi amphamvu anapita kukasuma kumapiri a Luwawa, kumene ankati kuli chinyezi. Anabwerako ndi chinaka chokumba m'madambo ndi mapazi otupa. Ena anayamba kukumba zitsa za nthochi, kuziyanika n'kusinja. Masuku anatithandiza pang'ono, koma tinkalimbirana ndi anyani, ndipo anyani amadzuka msanga kuposa mkazi wa ana awiri.

Kenako kunamveka mphekesera yoti mzungu wa pa Boma akugawa chimanga. Ndinamusiya Mbachi kwa apongozi, Suzgo kumsana, ulendo wa ku Mzimba pamodzi ndi anzanga. Tinapeza anthu ambirimbiri atakhala pansi pa mitengo, koma chimanga ngakhale njere. Mesenjala wina anatiuza kuti amene anayambitsa bodzalo akamupeza amumanga, ndipo anatikumbutsanso za msonkho, ngati kuti tinayenda ulendo wonsewo kudzafunsa zimenezo.

Chimene ndinatola pa Boma ndi nkhani imodzi. Mawindo awiri a ofesi anali otseka ndi mphasa. Mkazi wa mesenjala uja, amene anatipatsa madzi, anati anaswa ndi nang'omba. Akuti wamwamuna akadziona m'galasi amayesa kuti ndi mnzake wobwera kudzalanda dziko lake, ndiye amamenya mpaka galasi lithe. Mzungu analamula kuti awomberedwe, koma asilikali onse mfuti zawo zinayamba kuphonya tsiku limenelo. Ndinaseka mpaka misozi. Kunali kuseka kwanga komaliza chaka chimenecho.

Nditabwerera kumunda ndinamva timawu tiwiri m'mphako muja, ena amphamvu, ena ofooka. Chakudya chinkabwera ndithu tsiku lonse, koma patapita masiku ochepa mawu anatsala amodzi. Ndinakwera. Mwana wamkulu anali atatupa mimba, kukamwa kuli yasa. Wamng'ono anali pambali m'masamba, atauma ngati kachikopa. Makolo ake sanamujomphe, sanamutaye kunja. Anangomudutsa basi.

Ndinatsika msanga, chifukwa kunyumba kwanga zinali zitayamba kufanana. Mabere anga anali kuphwa, Suzgo ankayamwa n'kulira. Mbachi tsitsi linafiira, ndipo analeka kuthamangira nkhuku. Phala lochepa limene ndinkapeza, ndikamwa ine kuti mkaka utuluke ndiye kuti ndamulanda Mbachi. Ndikamupatsa Mbachi ndiye kuti ndamulanda Suzgo. Palibe anandiuza kuti ndisankhe, koma chikho chinali chimodzi.

Januwale

Aphunzitsi a sukulu ya mishoni anatisonkhanitsa kupempherera mvula pa tsiku limene ankati azungu ayamba chaka chatsopano. Tinaimba mpaka mawu kusasa. Kumwamba kunangoti mbee.

Apa m'pamene madoda anakumbukira za makolo awo. Akuluakulu amene anabadwira m'njira pochokera Kummwera anati kwawoko chilala chikafika potere ankapha nang'omba n'kumuponya m'dziwe. Kumwamba sikungapirire kuona mbalame yake ikuwolera m'madzi, ndiye kumatumiza mvula yambiri kuti imukokolole. Onse anavomera kuti ndi zoona. Koma mwambowo unali ndi mchira wake: dzanja limene lapha nang'omba, nyumba yake imatulutsa maliro. Amuna amene ankadzitama kuti anabaya anthu pa nkhondo, aliyense anapeza chifukwa. Wina dzanja linkamupweteka, wina mkazi wake anali ndi pakati, wina anali atangolowa kumene kalasi ya ubatizo.

M'mawa wina ndikusinja zitsa za nthochi ndinaona alamu anga a Vuso, akulu awo a amuna anga, akubwera ndi apongozi. A Vuso anali asanakhalepo pakhonde langa chichokereni mng'ono wawo. Anakhala, nafunsa za ana, nayamikira mmene ndinazirira pakhonde. Ndinadziwa kuti pali kanthu.

"Mulamu," anatero, "ise tikumanya kuti mbalame zija zikukhala kumunda kwinu. Ndiponso imwe misampha mukuyidziwa chomene."

Ndinati misampha ndimaidziwa ya nkhanga.

"Madoda ayowoya kuti mwambo uwu ngwa Angoni. Imwe ndimwe Achewa. Mizimu ya kuno yikumudziwani yayi, mbwenu yingamusangani uli? Ndapota, mulamu, tithandizeni. Nyumba yiliyose yiperekenge chikho cha lipoko."

Lipoko ndiwo mawere. Ndinawayang'ana bambo amenewa, ndevu zonsezo, ndipo mtima unandiwira. Zaka zonsezi Uchewa wanga unali chonditukwanira, lero wasanduka mankhwala. Ndinawafunsa kuti ngati mizimuyo sikundidziwa ine, nanga ana a mng'ono wawo sikuwadziwa? Anayang'ana pansi. Apongozi ndiwo anayankha, mosazungulira monga mwa khalidwe lawo, kuti mvula ikapanda kugwa mwezi uno sipakhala mwana wotsala, wanga kaya wa wina.

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinawerengera mumtima. Ndikakana, njala itenga onse awiri, kapena indikakamiza kuchita zimene ndinaona m'mphako. Ndikavomera, mwina chinthucho chitenga mmodzi, mwinanso a Vuso akunena zoona ndipo chindiphonya.

"Mawere ndamva," ndinatero. "Koma ndikufunanso amasi. Ng'ombe yanu yamathotho ija ikukamidwabe. Ndizidya ine, azidya Mbachi, tsiku lililonse mpaka tikolole."

A Vuso anatsegula pakamwa kuti anene za mwambo, koma apongozi anawagwira pabondo. Madzulo omwewo anabwera okha ndi chikho cha amasi, namwa pang'ono, n'kundipatsa ndi manja awiri. Mwambo umene unakanika zaka zonse zija unatheka tsiku limodzi, popanda ng'ombe, popanda wachibale.

Kugwira wamkazi kukanakhala kosavuta. Ankakhalabe nthawi yambiri m'mphako ndi mwana wake, ndipo munthu akanangotseka pakhomo ndi dengu. A Vuso anandiuza kuti nditero. Koma ine, mayi woyamwitsa, kukatulutsa mayi mnzanga pamwana? Ndinakana mumtima. Ndinakumbukira mawindo a pa Boma.

Ndinapota zingwe za luzi la mombo, zolimba kuposa za nkhanga. Ndinatenga kalilole wanga uja n'kukamuimika patsinde pa chulu chimene anang'omba ankadutsapo popita ku mkuyu, ndipo kutsogolo kwake ndinatchera makhwekhwe n'kuwaphimba ndi dothi. Ndinabisala m'tchire dzuwa likutuluka, mpini wa khasu uli m'manja.

Ana atatu aja anafika poyamba. Anasuzumira m'kalilole, nadodoma, n'kupatuka. Kenako anabwera tate, atalumiza gulu la ziwala ndi buluzi mmodzi, chakudya cha kunyumba. Atadziona anaima. Anaika katundu wake pansi bwinobwino, khosi linafufuma, ndipo anathamangira mdani wakeyo. Kumenya koyamba kalilole anang'aluka. Kwachiwiri mwendo unalowa m'khwekhwe.

Sizinali zachangu. Mbalame ija ndi yamphamvu, ndipo chipsera chili pamkono pangachi ndi cha mlomo wake. Pomaliza anagona chammbali, diso lili pa ine, nsidze zija zikuphethira pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti pepani, ndinu munandiphera njoka, koma ndili ndi ana. Ziwala zake zinali pomwe anaziika, zina zikuyendabe.

Amuna anabwera kudzamunyamula pa mtengo ngati mtembo, osamukhudza ndi manja. Anakamuponya m'dziwe lokhalo limene linatsala mumtsinje, atamumangirira mwala. Ine anandiuza kuti ndiyenera kumulira ngati wachibale kuti mkwiyo uchepe. Apongozi ananola lumo lawo, nandimeta mpala pabwalo, n'kundimanga chingwe cha maliro m'mutu. Akazi anzanga anaima patali n'kumandiyang'ana ngati namfedwa.

Aphunzitsi amati mvula inali kubwera kale, ndipo mapemphero ndiwo anaikoka. Sinditsutsana nawo, ndine Mkhristu tsopano. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata isanathe kumwamba kunada bii cha kumpoto, ndipo inagwa mvula imene sindinaionenso. Mtsinje unadzaza mpaka m'madimba, ndipo dziwe lija linakokoloka ndi zonse zinali m'menemo.

Febuluwale

Chimanga choyamba chinali chitapita. Tinadzalanso chimene chinapezeka: mawere pang'ono, maungu, nyemba, ndi mbatata zimene anthu anakapempha mbewu yake kutali. Mvula sidyedwa. Mwezi umenewu ndiwo unali woipitsitsa, chifukwa kunja kunali kobiriwira koma m'mimba mulibe kanthu. Anthu ankalima atakhala pansi. Khasu linkagula mbale ya gaga, ndipo a Vuso anagulitsa chishango cha bambo awo kwa munthu wopita ku Boma amene ankati azungu amakonda zotere.

Mawere anga anabwera, ngakhale nyumba zina zikho zake zinali zazing'ono modabwitsa. Amasi ankabwera m'mawa uliwonse. Mkaka unabwerera m'mabere, ndipo Mbachi anayamba kufunsanso mafunso ake osatha. Ndikanayenera kukondwa, koma m'malo mwake ndinayamba kudikira.

Mudzi wonse unkadikira nane. Akazi analeka kudzapala moto kwanga. Ana awo akayandikira pakhomo panga ankawaitana msanga. Apongozi pobweretsa amasi ankaima pakhomo, maso n'kuyamba alowa m'nyumba, kuona mmodzi, kuona wachiwiri, kenako n'kundipatsa moni. Suzgo akatsokomola mtima unkandidumpha. Mbachi akagona nthawi yaitali ndinkamugwedeza mpaka alire. Sindinkawalola kupita kumtsinje, kapena pansi pa mtengo, kapena pafupi ndi ng'ombe. Ndinkapita nawo kumunda onse awiri, wina kumsana wina m'manja, ine mwini ndikuyenda mopepesuka.

Kumundako anang'omba sanachoke, ngakhale ndinkafuna atachoka. Kusanache wamkazi ankalira dudu-du, n'kudikira. Pamene pankayenera kubwera du du panali zii. Kenako ankayambanso. Ana atatu aja anapitiriza kutuma chakudya ku mkuyu monga ankachitira tate wawo, koma akandiona ankaima patali, osabweranso m'mbuyo mwa khasu langa.

Malichi

Maliro anachuluka m'mudzi, makamaka a nkhalamba ndi a ana oleka kumene kuyamwa. Ena anafa chakudya chitayamba kuoneka, chifukwa anadya maungu osakhwima ndi bowa wosamudziwa, mimba zitaiwala ntchito. Tinkaika anthu m'manda osaya, okumba analibe mphamvu. Maliro aliwonse anthu ankandiyang'ana ine, ngati akufunsa kuti bwanji kwa uyu sikunafike.

Kenako Mbachi anadwala. Thupi linatentha, maso analowa, ndipo amasi ankawabweza. Apongozi anabwera ndi mizu, aphunzitsi anabwera ndi pemphero, ndipo onse ndinawalola. Koma pankhope zawo ndinkaona kuti akudziwa chimene chafika. A Vuso sanabwere n'komwe.

Pano ndinene zoona zake. Nditamufungata mwana uja masana ena, mvula ikugwa panja, ndinapezeka ndikukambirana ndi chinthu chimene sindinkachiona. Ndinkati ngati n'kutenga, bwanji osatenga wamng'onoyu, amene sanayambe kuyankhula, amene sadziwa kuti ndine mayi wake kupatula bere? Kenako Suzgo anandigwira chala ali kumwendo kwanga, ndipo ndinadzida. Ndinasintha n'kunena kuti tengani ine. Koma ndinadziwa kuti ndikapita ine apita onse. Ndinalira tsiku limenelo kuposa pa maliro a amayi anga.

Mbachi sanafe. M'mawa wina anatsegula maso n'kunena kuti akufuna dzungu. Ndinathamangira kumunda wopanda nsalu ya kumutu, mpala uli poyera. Koma ngakhale pamene ankadya, mtima wanga unkati ndiye kuti ndi Suzgo.

Epulo

Mwana wa nang'omba anatuluka m'mphako. Anali wamkulu ngati amake, koma wotuwa, kumaso kwachikasu m'malo mofiira, ndipo ankayenda m'mbuyo mwa onse akulira ngati mwana wolekerera. Aliyense akagwira kanthu ankamupatsa. Anakhalanso asanu. Ndinawaona akulowa m'thengo mondondozana, amake ali patsogolo.

Tinayamba kudya zam'munda. Mawere anabereka pang'ono, mbatata zinachita bwino kuposa zonse. Ana anga anayamba kuoneka ngati ana. Mwezi unatha, kwanga kuli zii, ndipo anthu anayamba kusintha nkhani. A Vuso ankauza aliyense pa mowa woyamba kuti nzeru inali yawo, kuti anadziwa kuti mizimu singamupeze Mchewa. Akazi anayambanso kudzapala moto, ena n'kumafunsa za kalilole, ngati sakudziwa kumene anathera. Tsitsi langa linamera, ndipo apongozi anandimasula chingwe chija n'kuchitentha.

Ine ndekha sindinamasuke. Ndinkawerengabe ana anga m'mawa uliwonse, ngakhale kuti kuwerenga kwake kunali kufika pa awiri basi.

Juni

Tinali titakolola, mphepo yozizira itayamba, pamene amuna a ku Halale anayamba kubwera. Tsiku lina masana ndikupuntha mawere pabwalo ndinaona munthu wa mudzi woyandikana nafe, amene anapita limodzi ndi amuna anga, akulowa m'mudzi. Sanabwere kwanga. Anapita kwa a Vuso, ndipo patapita kanthawi ndinaitanidwa. Ndinapeza apongozi atakhala kale pamphasa. Pakati panali bulangete lopindidwa, ndipo pamwamba pake kansalu kofiira kokwana mwana wamkazi.

Munthuyo anafotokoza mwaulemu, maso ali pansi. Anati a Mzondi anamva za njala ya kwathu kuchokera kwa anthu obwera kumene, ndipo anayamba kugwira ntchito ngakhale pa Sabata kuti abwerere msanga ndi kanthu. Anadwala chibayo, ndipo sanagone masiku ambiri. Anawaika komweko. A Vuso anafunsa kuti zinachitika liti. Iye anati chikondwerero cha azungu cha chaka chatsopano chitangopita kumene.

Ine ndinatembenuka kuyang'ana kubwalo. Mbachi anali kuthamangitsa nkhuku pa mawere anga, Suzgo akukwawa m'mbuyo mwake, matako ali mbuu ndi fumbi. Miyezi yonse ija ndinkawerenga anthu a m'nyumba mwanga n'kumapeza awiri. Wachitatu, amene anamanga nyumbayo, sindinamuwerengepo ngakhale tsiku limodzi.

Amuna anga ndinkawakonda. Anali munthu yekhayo m'mudzi uno amene ankayesa kuyankhula Chichewa kuti ndiseke. Koma chimene chinayamba kufika mumtima mwanga si chisoni. Chinali mpumulo, waukulu, wochititsa manyazi, ngati munthu watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kuphiri. Ndinati mumtima, ndiye kuti ana anga atsala. Kulira kunabwera pambuyo, ndipo kutabwera sikunafune kuleka.

Akazi atayamba kusonkhana, apongozi anali asanatulutse msozi. Anali atagwira bulangete lija pamiyendo, akulisisita. Anandiitana ndi dzanja kuti ndiyandikire, ndipo anayankhula motsitsa kuti ena asamve. Tsiku lija amuna ananyamula mbalame ija iwo sanapite kukaiona.

"Anyina Mbachi," anatero, "mbalame yira mukakoma. Yikawa yanakazi panji yanalume?"

Ankafunsa ngati nang'omba ndinapha uja anali wamkazi kapena wamwamuna. Ndikanatha kunena kuti sindinayang'ane.

"Wamwamuna, amama," ndinatero. "Wamkazi anali ndi mwana."

Anagwedeza mutu kangapo, akuyang'ana adzukulu awo pabwalo. Kenako anadzuka, nalowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi lumo lomwe lija. Tsitsi langa linali litangofika pogwirika ndi zala.